Galimoto yozima yokha: tawaona ali pa ntchito amisiri a zamagetsi a kumunsi kwa Ndirande

Matenda osautsa kwambiri pa 4x4 yakale ndi aja obwera n'kupita. Land Cruiser ikuyenda bwinobwino pa msewu wa Zalewa, mwangoponda bampu, injini yazima ngati wina wapotokola kiyi. Mwaima pambali, mwatsegula boneti, mwayang'anayang'ana osaona kanthu, mwaliza, yalira. Papita masiku 4 osachitanso. Mukapita nayo ku galaja imakhala ngati mwana wodwala amene amayamba kusewera akangofika pa chipatala. Apa m'pamene eni galimoto ambiri mu Blantyre muno amathera ndalama: lero batire latsopano, sabata yamawa alternator yotchaja batire, kenako fyuluta, kenako akuti pampu ya dizilo ichotsedwe, vuto lili chikhalire.

Galaja imene tikuikamba pano ilibe chikwangwani. Ili kumunsi kwa Ndirande, mbali yoyang'ana ku mafakitale a ku Makata, mu mpanda wa malata. Shedi yake imalowa galimoto ziwiri zokha, zina zimakonzedwera pa dzuwa. Mmisiri wamkulu ndi bambo wachikulire, ali ndi anyamata atatu ophunzira ntchito, ndipo amagwira zamagetsi basi. Tinaonerera ntchito zawo zitatu kuyambira galimoto ikulowa mpaka kutuluka: Land Cruiser 80 ya injini ya 1HZ, Hilux ya 3L, ndi Prado 90 ya 1KZ-TE. Ziwiri zoyambazo anazigwira mwaluso. Yachitatu anapunthwa nayo, ndipo tinena pamene anapunthwira.

Choyamba chimene tinawakondera n'choti sathamangira kutsegula boneti. Mdalayo amakhala pa benchi ndi munthu amene amayendetsa galimotoyo tsiku ndi tsiku, osati bwana amene amangolipira, n'kuyamba kufunsa. Ndi dalaivala wa Land Cruiser zinayenda chonchi:

"Achimwene, ikamazima imayamba yatsokomola kapena imangoti zii?"

"Imangoti zii, mdala."

"Nanga timagetsi ta pa dashibodi, ka batire ndi ka oyilo, timayaka ikazima?"

"Nthawi zambiri timayaka. Koma kawiri konse panangoti bii, ndi wailesi yomwe inazima."

"Ndiye kuti akuba ake ndi awiri."

Mafunso amenewa si ocheza. Injini monga 1HZ, 3L, 5L, TD42 ya Nissan Patrol ndi 300Tdi ya Land Rover zili ndi pampu ya dizilo yopanda kompyuta. Injini yotere ikalira, magetsi amene imafuna kuti isazime ndi a kachipangizo kamodzi kokha kamene kali pa pampu, solenoid yotseka dizilo, ndipo imadya pafupifupi 1 amp. Magetsi akangoduka pa waya wake, sipuling'i imakankha kachitsulo kam'kati n'kutseka njira ya dizilo, injini n'kuzima pompo. N'chifukwa chake vuto la magetsi limadula mwadzidzidzi, pomwe vuto la dizilo limayamba ndi kufooka: mukuponda moto galimoto osamva, yatsokomola, yanjenjemera, kenako yazima. Timagetsi ta pa dashibodi natonso timaulula. Injini ikazima tikuyaka, ndiye kuti magetsi akufika pa swichi ya kiyi, vuto lili kutsogolo, pakati pa swichi ndi pampu. Pakangoti bii paliponse, vuto lili kumbuyo: pa batire, pa fusible link (fyuzi yooneka ngati waya) kapena m'swichi momwemo. Dalaivala uja anali ataona zonse ziwiri, n'chifukwa chake mdala anati akuba ndi awiri, asanagwire n'komwe sipanala.

Kuyeza amayambira pa batire, ndipo manambala awo ndi oyenera. Batire lodzaza, litapuma maola angapo, limaonetsa 12.6V. Likaonetsa 12.2V latsala theka. Poliza lisatsike kupitirira 9.6V. Land Cruiser ija inali ndi mabatire awiri, ndipo anawalekanitsa n'kuyeza lililonse palokha, chifukwa labwino limabisa lodwala kwinaku lodwalalo likumwa lanzake usiku. Ali ndi hydrometer yoyezera asidi m'zipinda zonse 6 za batire, ndipo chipinda chikasiyana ndi zinzake kupitirira 0.050 amati batire latha. Awa onse awiri anali amoyo. Galaja ina ikanagulitsa kale batire pamenepa.

Pamene aposera anzawo ndi pa kayezedwe ka mawaya. Amisiri ambiri amaika mita yoyezera magetsi pa ohms, poonera ngati waya akudutsitsa magetsi, kugunditsa uku ndi uku, mita ikalira amati waya ali bwino. Kuyeza kumeneku kumanamiza. Waya amene watsala ndi ulusi umodzi mwa 40 amalizabe mita, chifukwa mita imatumiza timagetsi tochepetsetsa. Sitata ya injini ya malita 4.2 imakoka ma amp mazanamazana. Polumikizira pakakhala dzimbiri la 0.01 ohm yokha, imene mita wamba singaione n'komwe, pa 300 amps mwataya kale 3V. Choncho iwo amayeza magetsi otayika waya ali pa ntchito. Amazula waya wa solenoid kuti injini izungulire osalira, amaika mita pa DC volts, nsonga ina pa mutu wa batire weniweniwo, ina pa bawuti ya sitata, mnyamata n'kupotokola kiyi. Mbali ya positive isataye kuposa 0.5V. Kuchokera pa mutu wa negative kufika pa chitsulo cha injini pasatayike kuposa 0.2V kapena 0.3V. Pakati pa mutu wa batire ndi teminolo yake, malo otalikirana ngati chikhadabo, pasapitirire 0.1V.

Pa Land Cruiser mbali ya negative inaonetsa 0.7V. Atalondola waya wa earth, wochokera pa negative ya batire kupita pa chitsulo cha galimoto, anapeza kuti anthu ena owotcherera anamumasula n'kumubwezera pa kachitsulo kopaka penti. Anapala mpaka chitsulo kuwala, anaika waya watsopano wa 35mm², wosha wamano pansi pake, kumanga zolimba, girisi pamwamba atamanga kale, osati pakati. Nambala inatsika kufika 0.2V. Mdala ananeneratu kwa dalaivala kuti ichi si chimene chikuzimitsa galimoto, changopezeka panjira, ndipo sanafune kuti munthu apite akuganiza kuti wachira. Earth yofooka imadziwika ndi zina: sitata yaulesi, singano ya kutentha imene imakwera mukayatsa magetsi akutsogolo, ndi chingwe cha handibuleki kapena cha moto chimene chimatentha poliza chifukwa magetsi asowa njira n'kudzera mmenemo.

Msampha wa wakuba woyamba unali wa mababu awiri. Anatenga mababu a indiketa a 21W, lililonse ndi mawaya ake aatali. Loyamba analilumikiza pa solenoid penipeni, pa pampu. Lachiwiri pa waya wotuluka m'swichi ya kiyi, pansi pa chiwongolero. Onse awiri anawamata ndi tepi pa dashibodi pamene maso angawaone. Chifukwa chosankhira babu, osati mita, ndi chomveka: manambala a mita amasintha kawiri kapena katatu pa sekondi, kuduka kwa kamphindi kumadutsa osaoneka, pomwe babu limaphethira diso n'kuona. Komanso babu la 21W limakoka pafupifupi 1.75 amps, motero limalemetsa polumikizira pofooka kuti padziulule. Kenako anakwera onse, mdala pambali pa dalaivala, kupita m'misewu yafumbi ya ku Machinjiri kukasaka mabampu. Ulendo woyamba sichinachitike chilichonse. Wachiwiri, injini itatentha bwino, babu la pa pampu linati phethi, injini n'kudzidzimuka, la pa swichi lili chiyakire. Malo osakasaka anachepa kuchoka pa galimoto yonse kufika pa waya mmodzi.

Atamasula pulasitiki ya pansi pa chiwongolero anapeza kabokosi kakuda ka alamu yakalekale. Mwini wake wa lero samadziwa n'komwe kuti ilipo, chifukwa siren yake inaleka kulira asanagule galimotoyo. Koma relay yake, kaswichi koyendera magetsi, inali ikugwirabe ntchito imene anaiikira: anadula waya wa solenoid n'kumudutsitsa mmenemo. Molumikiza monse munali mongopota ndi zala n'kukulunga tepi. Tepiyo inali itasungunuka ndi kutentha kwa zaka zambiri, yanyeta, mkuwa wake wada bii. Injini ikulira, mdala anangogwedeza ndi chala chimodzi, injini zii. Analiza, kugwedezanso, zii. Anachita katatu dalaivala akuona, ndipo ife timati umboni wake ndi umenewu: vuto lobwera n'kupita mwalipeza pokhapokha mukatha kuliitana nthawi imene mwafuna.

Kakonzedwe kake kanali kaukhondo. Alamu anaichotsa yonse, waya aliyense kumulondola mpaka pamene anamubayira, osati kungodula n'kusiya michira ili lendelende. Waya wa solenoid anamudula mpaka pamene mkuwa ukuwala, kuikapo chidutswa cha kukula kofanana, kufinya ndi pulayala yeniyeni yofinyira ma connector, kuveka heat shrink (kapayipi ka pulasitiki kamene kamakakamira pa waya kakatenthedwa) ya guluu m'kati, n'kumangirira ku mtolo wa mawaya kuti asagwedezeke. Safuna kulumikiza ndi solder, mtovu wosungunula uja, pamalo ogwedezeka, ndipo tikugwirizana nawo: solder imalowerera m'ulusi n'kuumitsa waya, ndipo pamene pathera kuumako m'pamene amadzathyokera pa msewu wa mabampu. Ngati 4x4 yanu inadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, yembekezani zoterezi. Aliyense anaikamo zake: alamu, tracker, wailesi, ma spotlight, winch, waya wa firiji. Mawaya a ku fakitale a Toyota a zaka za m'ma 1990 kawirikawiri amakhala adakali bwino. Amene amadwala ndi aja obwera pambuyo.

Wakuba wachiwiri, uja wozimitsa zonse, anamusaka madzulo ake. Anayamba ndi swichi ya kiyi, chifukwa ndi imene imakonda kuchita zimenezi ikakalamba, makamaka ngati kiyi wa galimoto akulendewera limodzi ndi mulu wa makiyi a nyumba, a geti ndi a ofesi. Anagwedeza kiyi injini ikulira, kukankhira m'kati, kukokera kunja, babu lachiwiri osaphethira. Swichi inapulumuka. Anapita pa batire. Pa mutu wa positive pamachoka timawaya tifupitifupi totchedwa fusible link. Ndi fyuzi yooneka ngati waya: ndi wocheperako kuposa waya amene akumuteteza, ndipo chikopa chake sichiyaka moto, kuti pakachitika shoti apse iyeyo m'kati galimoto ipulumuke. Anayatsa magetsi akutsogolo, fani ya m'kati ndi wayipa, n'kuyeza uku ndi uku kwa link iliyonse. Imodzi inataya 0.9V. Kunja inkaoneka yabwinobwino, chikomekome cha mkuyu. Atang'amba chikopa munatuluka ufa wobiriwira, ulusi wamoyo utatsala utatu kapena unayi.

Sanalekere pomwepo, anafuna kudziwa chimene chinaidya. Batire la mbali imeneyo linalibe chitsulo chake chomangira, linali lomangidwa ndi mphira ya chubu. Pa bampu lililonse limadumpha n'kukoka link ija, asidi naye amatuluka pa zivindikiro n'kulowerera mu waya. Anatumiza mnyamata kukasaka link ya mtundu womwewo kwa ogulitsa masipeyala ku Limbe, ndipo anakana kutulutsa galimoto mpaka chomangira batire chitapezeka. Dalaivala anapempha kuti angoikapo waya wonenepa wamba kuti apite. Yankho linali lalifupi: "Achimwene, waya ameneyo sapsa. Imapsa ndi galimoto." Pamenepa tikuwapatsa ulemu wonse, pakuti 4x4 zina zimene timaziona zitapserera m'mbali mwa msewu zimayambira pa fyuzi yomangidwa ndi waya kapena link yolowetsedwa m'malo ndi chingwe chilichonse.

Ya Hilux inali yofulumirirapo. Inkazima usiku wokhawokha pa maulendo aatali, makamaka pobwerera kuchokera ku Mulanje pa msewu wa Midima, ndipo ikapuma pang'ono n'kuikankha inkalira. Mwini wake anali atasintha kale batire kawiri. Alternator yabwino imapereka pakati pa 13.8V ndi 14.4V injini ili pa 2000 rpm. Iyi ili yozizira inapereka 14.1V, nambala imene inanamiza aliyense amene anaiyeza m'mbuyomu. Iwo anaisiya ikulira ndi magetsi onse oyaka, mita ili pomwepo. Patatha mphindi 20 inagwa kufika 12.3V. Mdala anagogoda alternator ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, nambala inalumphira ku 14V. Pa injini za 3L ndi 5L, komanso 4D56 ya Pajero, pampu ya vacuum ya mabuleki imakhala kumbuyo kwa alternator ndipo imayendera oyilo wa injini. Seal ya pakati pake ikatha, oyilo amalowa mu alternator, kusakanikirana ndi fumbi n'kupanga phala limene limagwira ma brush, timakala topereka magetsi ku mbali yozungulira, kuti asatsetsereke. Usiku magetsi akutsogolo amamwa batire pang'onopang'ono mpaka solenoid kulephera kudzigwira. Anasintha seal ndi ma brush, kutsuka, kupala ma slip ring (mphete zimene ma brush amakhudza) ndi sandipepa yosalala, n'kuyeza ma diode (tizipangizo towongola magetsi a alternator) poika mita pa AC volts pa batire injini ikulira, ikapitirira 0.5V amati diode ina yapita. Alternator yomweyo inabwerera pa galimoto. Analangizanso mwini wake kuti kababu ka batire ka pa dashibodi, kamene kanali katapsa, kasinthidwe tsiku lomwelo, popeza kakanakhala kamoyo kakanamuchenjeza kalekale.

Chinthu china chimene mdalayu amaletsa pa malo ake, ndipo tikanakonda chikanaletsedwa mu mzinda wonse, ndi kuzula teminolo ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Batire ndi limene limameza kulumpha kwa magetsi. Mukalichotsa, magetsi amatha kukwera n'kuwotcha regulator, ma diode, wailesi, ndipo pa galimoto ya kompyuta, kompyutayo. Komanso pa dizilo yakale kuyeza kumeneku sikukuuzani zambiri, popeza ngakhale alternator yotsala pang'ono kufa imakwanitsa 1 amp ya solenoid.

Tsopano Prado. Inabwera ndi dandaulo loti imatha mphamvu pa chitunda, makamaka pokwera kuchokera ku Chikwawa kudzera pa Thabwa, nthawi zina mpaka kuzima, ndipo ikaima mphindi 10 imanyamuka ngati palibe chachitika. Injini ya 1KZ-TE ndi ina: pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta kudzera pa spill control valve, valavu yoyeza dizilo wopita mu injini, ndipo pali ma sensor angapo amene angaidule. Njira yowerengera zolakwika amaidziwa. M'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pansi pa boneti amalumikiza timabowo totchedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya, kuyatsa kiyi, n'kuwerenga kuphethira kwa kababu ka injini pa dashibodi. Sipanatuluke nambala iliyonse, koma galaja ina inali itazula batire dzulo lake, ndipo kutero kumafafaniza zonse zimene kompyuta inasunga. Apa phunziro ndi la eni galimoto: musalole munthu kuzula batire manambalawo asanawerengedwe.

Kuchokera pamenepo anasochera. Anayeza ma earth, anatsuka mapulagi, anasintha relay, anatsegula kompyuta kuona ngati ma capacitor ake, tizipangizo tosunga magetsi, akudontha, chimene chimachitikadi pa makompyuta a Toyota a zaka zimenezo. Zonse zinali bwino. Galimoto inatuluka, inabweranso. Masiku 6 anapita chonchi. Chonsecho dandaulo lenilenilo linali litanena kale: kufooka pang'onopang'ono, pa chitunda, kuchira ikapuma. Ameneyu ndi dizilo. Zinyalala za m'thanki zimakokedwa n'kumatirira pa kasefa ka pansi pa payipi yokoka mafuta pamene injini ikumwa kwambiri, ndipo injini ikazima zimagwa n'kutsegula njira. Tsiku la 7 mnyamata mmodzi ndi amene anaona kuti batani lopopera dizilo la pamwamba pa fyuluta lalowa pansi lokha ndipo silikubwerera, chizindikiro choti pampu ikukoka koma ku thanki kwatseka. Atatsitsa thanki anapeza matope akuda ndi dzimbiri, zotsatira za dizilo wa m'zigubu ndi madzi ogona pansi.

Mdala mwini wake anadziwa kusiyanitsa magetsi ndi dizilo pa benchi paja ndi Land Cruiser. Pa Prado mawu oti kompyuta anamutseka maso. Zida zoyezera mbali ya mafuta alibe, koma kuyeza koyamba sikulira zida: kapayipi koonekera m'kati ka 8mm pakati pa fyuluta ndi pampu kamaonetsa thovu la mpweya ngati ulipo, kutsegula chivindikiro cha thanki galimoto itangofooka kumamveka kupuma ngati kabowo kopumira katseka, ndipo kuyendetsa injini kuchokera m'kachigubu ka malita 5 ka dizilo woyera, payipi yobwezera mafuta italowanso momwemo, kumachotsa thanki yonse pa mlandu. Zitatuzi zimatha ola limodzi. Zikanachitika tsiku loyamba, mwini Prado sakanayenda pa minibasi sabata yathunthu. Tinene chilungamo: masiku otayikawo sanawalipiritse, ndipo relay imene anasintha pachabe anaibweza n'kuikamo yakale.

Pa galimoto za kompyuta malire awo ndi oonekeratu. Alibe oscilloscope, makina oonetsa kusinthasintha kwa magetsi ngati chithunzi, choncho sensor imene imadula ikatentha angoiganizira, sangaione. Kamakina kawo kowerengera zolakwika za kompyuta n'kotchipa, ka galimoto zazing'ono, ndipo Land Rover Defender ya injini ya Td5 sikalankhula nayo. Komabe za Td5 amadziwa choyamba kuyang'ana: oyilo amene amayenda m'kati mwa mawaya a ma injector mpaka kukafika pa pulagi yofiira ya kompyuta pansi pa mpando wa dalaivala, n'kuyambitsa kudumphadumpha kwa injini. Kuzula pulagiyo n'kuona ngati yanyowa ndi ntchito ya mphindi 5. Kupitirira apo, pitani kwa amene ali ndi makina a Land Rover.

Palinso khalidwe lina la anyamata awo limene silinatisangalatse. Amabaya chikopa cha waya ndi nsonga ya tester pofuna kuona ngati muli magetsi, n'kusiya kabowoko. Mu Okutobala palibe chimene chimaoneka. Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amalowa pa kabowo kaja, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri mwabzala nokha ufa wobiriwira uja pakati pa mtolo wa mawaya, pamene palibe adzaganize zoyang'ana. Mdala akaona amakalipa, koma sakhala paliponse nthawi zonse. Imani pafupi ndipo muumirire kuti ayezere kumbuyo kwa pulagi, kapena amate bowo lililonse limene abaya. Chinanso, pansi pa galajayi ndi dothi. Nyengo ya mvula mapulagi otsegula ndi ma relay amagonekedwa pa katoni pafupi ndi matope, ndipo magetsi akathima heat shrink amaiwotcha ndi laita, imene imadetsa ndi kupsereza chikopa cha waya ngati dzanja silili lochenjera.

Za ndalama. Amalipiritsa kuyeza pakokha, kukonza pakokha, ndipo ena amanyinyirika poona kuti alipira munthu amene sanasinthe kanthu. Ife tikuona kuti m'pomwe pali phindu. Ndalama yoyezera Land Cruiser, pamodzi ndi maulendo awiri a ku Machinjiri, sinafike theka la mtengo wa batire limodzi, ndipo zogula zonse zinali waya wa earth, link, chomangira batire ndi ma connector. Dizilo woyendera poyesa ndi wanu, choncho musabwere thanki ili pa E. Masipeyala mumagula nokha kapena amatuma mnyamata n'kukupatsani lisiti la kusitolo. Zakale zonse amakubwezerani m'jumbo. Chimene sachita ndi kulemba. Manambala onse aja, 0.7V, 0.9V, 12.3V, amathera pa katoni kapena m'mutu mwa mdala. Tengani kope, mulembe nokha chimene ayeza, pamene ayeza ndi chimene apeza, chifukwa tsiku lina mudzakhala ku Nsanje kapena ku Mwanza ndi mmisiri wina amene adzafune kuyambira pachiyambi.

Amachedwa, ndipo salonjeza tsiku. Galimoto ya vuto lobwera n'kupita amaitenga pokhapokha mukavomera kuisiya masiku awiri kapena atatu, ndipo Lolemba m'mawa pamakhala mzere wa maminibasi a masitata ofuna ma contact atsopano. Lachitatu ndi Lachinayi m'pamene mdala amakhala ndi mpata wokwera nanu kukasaka mabampu. Musanapite, yendani masiku angapo mukulemba nthawi iliyonse ikachita: injini inali yotentha kapena yozizira, msewu wa tala kapena wafumbi, kukwera kapena kutsika, mvula kapena ayi, thanki inali pati, magetsi akutsogolo anali oyaka kapena ayi, ndipo timagetsi ta pa dashibodi tinatani. Musapite nayo kokwecha injini ndi madzi amphamvu dzulo lake. Mumanyowetsa mapulagi n'kubweretsa matenda atsopano pamwamba pa akale. Ngati galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga, auzeni, ayambire kuyang'ana mano a makoswe pa mawaya a pamwamba pa injini.

Kwa mwini Land Cruiser, Hilux, Patrol, Pajero kapena Defender ya pampu yopanda kompyuta, amene galimoto yake imangoti zii, malo awa tikuwavomereza ndi mtima wonse. Kwa amene yake imafooka pang'onopang'ono pa chitunda, yambani mwathana ndi thanki, fyuluta ndi mapayipi, kenako mubwere.

Dalaivala wa Land Cruiser anamupatsanso kawaya ka mita imodzi ndi theka, kokhala ndi fyuzi ya 10A pakati ndi kopanira kumapeto, koti asunge m'galimoto. Ikadzazima kutchire timagetsi ta pa dashibodi tikuyaka, alumikize kuchokera pa positive ya batire kupita pa solenoid. Akamva kuti "thi" pa pampu, alize, apite. Anamuchenjeza kawiri kuti waya ameneyo ali pomwepo kiyi sazimitsa injini, azimitse pochotsa wayayo, ndipo asamusiye usiku chifukwa pofika m'mawa batire lidzakhala litatsika.